Injini Imene Ababa Anaimva pa Kaseti

Moatize, Mozambique
6 Okutobala 2003

Ababa okondedwa, ndi iwe mchemwali wanga Zulaikha,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira muli bwino ku Biwiko. Ine thupi lili bwino, koma ulendo wanga wadukira panjira. Kalatayi ndapatsira a Goodwin, dalaivala wa lole ya ku Kanengo, amene ndawapeza akumwa tiyi pano. Akuti amadutsa Loweruka popita ku Tete ndi Lolemba pobwerera, ndipo galaja yanu akuidziwa, munawakonzerapo giya.

Ndinanyamuka ku Joni Lachinayi pa pikapu yanga. Inde Ababa, yangayanga, mapepala ali m'dzina langa. Ndi yakale, yoyera, ya dizilo, injini yake ndi mtundu uja munkati mungaukonze mutatsinzina. Sindinakuuzeni kuti ndikubwera chifukwa ndinkafuna mungomva hutala pageti. Ku Zimbabwe mafuta akusowa, ndiye ndinagula dizilo wa m'zigubu kwa anthu a m'mbali mwa msewu. Nditangowoloka mlatho wa Tete, injini inayamba kugogoda ngati munthu akumenya poto ndi supuni, utsi uli tolotolo, mphamvu n'kutheratu. Ndinaizimitsa pano pa Moatize, anthu n'kundithandiza kuikankhira mumpanda wa makaniko wina.

Makanikoyu ndi bambo wachikulire, Chichewa amalankhula chifukwa nthawi ya nkhondo anathawira ku Dedza. Wamvetsera kamodzi kokha n'kunena kuti injini yanoka, aitsitse yonse. Ine ndamuuza adikire. Sindikupempha ndalama ayi. Ndingofuna mundiuze: ndimulole atsegule?

Mkazi wanga Vera ndi mwana wathu Fatu atsala ku Joni, adzabwera mu Disembala. Ine ndikafika ndikhala masiku atatu okha, chifukwa ndasiya mageti a anthu ndisanamalize kuwotcherera.

Ndine mwana wanu,
Yaseen

Biwi, Lilongwe
9 Okutobala 2003

Yaseen,

Wa alaikum salaam. Zaka zisanu ndi ziwiri unalemba makalata anayi. Yachisanu walemba chifukwa galimoto yakukana. Mulungu aidalitse galimotoyo.

Akulemba ndi Zulaikha chifukwa magalasi anga asweka. Tamvera. Munthuyo usamulole kumasula ngakhale nati imodzi. Makaniko womvetsera kamodzi n'kuthamangira kutsitsa injini ali ngati dokotala wong'amba mimba munthu akudandaula dzino. Koma umulemekeze, uli mumpanda mwake.

Chita izi. Ubwereke wailesi ya kaseti, uikemo mabatire atsopano, osati oyanika padzuwa. M'mawa injini isanatenthe, utsegule boneti, wailesiyo uiike pafupi, uilize galimotoyo. Uwerenge mpaka makumi atatu osaponda mafuta. Kenako uponde pang'onopang'ono, n'kusiya mwadzidzidzi. Uchite zimenezo katatu. Kaseti ndatumiza, ndi ya nyimbo za Zulaikha. Ujambule pamwamba pake, palibe chotayika. Uwapatsire a Goodwin Lolemba.

Bambo ako,
Idi

Achimwene, apa ndikulemba zanga. Kaseti yanga yabwino inali yomweyo, muzidziwa. Kuno tili bwino. Galaja akuyendetsa ndi a Enerst tsopano, aja anaphunzira ntchito kwa Ababa. Ababa amakhala pabenchi pansi pa mtengo wa mango n'kumamvetsera magalimoto akulowa. Ina ikadali kumsewu amanena kale chimene ikudwala, a Enerst n'kumangopukusa mutu. Kodi chithunzi cha Fatu mulibe m'chikwamamo? Zulaikha.

Moatize
13 Okutobala 2003

Ababa,

Moni nonse. Kaseti ndi imeneyo, ndachita monga munanenera. Pepani, koyambirira kuli mawu anga ndi a nkhuku za eni mpanda, sindinadziwe kuti yayamba kale kujambula.

Makaniko uja zamukhudza. Anandipeza nditagwada kutsogolo kwa pikapu ndi wailesi ya mkazi wake, ndiye akuti, “Iwe Mmalawi, galimoto ukufuna uiimbitse nyimbo?” Nditamufotokozera anati, “Ine ndili pano ndi maso awiri ndi manja awiri. Bambo ako ali ku Lilongwe ndi khutu. Ukukhulupirira khutu?” Ndinamuyankha kuti khutu limenelo ndi limene linandilera. Tsiku lonse sanandilankhule. Koma chakumadzulo mkazi wake anandibweretsera mpunga ndi nsomba, ndipo ndikudziwa kuti anamutuma ndi iyeyo, chifukwa ndi iye anandifunsa tsiku loyamba zimene sindidya.

Kuno kukutentha, Ababa. Sipana ukaisiya padzuwa sungaigwirenso. Masana ndimagona pansi pa pikapu, ndipo fungo la oyilo limandikumbutsa ovolosi yanu ija Amayi ankailetsa kulowa m'nyumba. Munkaivulira pakhonde, iwo ataima pakhomo ndi beseni la madzi. Ndikafika mukandiperekeze kumanda kwawo. Mukudziwa kuti uthenga unandipeza atawaika kale, koma mumtima mwanga nkhaniyo sinathe.

Zulaikha, chithunzi ndi chimenecho. Fatu ali ndi zaka zitatu. Uwaonetse Ababa, aone kumene mphuno yawo inapita.

Ndikudikira yankho.
Yaseen

Biwi
16 Okutobala 2003

Yaseen,

Moni. Ndamvetsera. Mnzakoyo wanena zoona, injini yanoka. Koma si ntchito yogwirira pafumbi. Ikufuna mwezi wathunthu, kuno, pagalaja yanga, ine ndili pomwepo.

Ndakambirana ndi a Goodwin. Lolemba akubwerera opanda katundu. Galimotoyo aikweza pa lole, iwe ukhale nawo kutsogolo, Lachiwiri mudzakhala mutafika. Mageti a ku Joni adikire, chitsulo sichiwola.

Chithunzi ndachiona. Mwana wokongola.

Bambo ako,
Idi

Ndalemba monga andiuzira. Bwerani, achimwene. Zulaikha.

Moatize
20 Okutobala 2003

Ababa,

Moni. A Goodwin akubwerera okha. Musawaimbe mlandu, ayesetsa mpaka kutsitsa matabwa okwezera galimoto, koma ine ndakana.

Poyamba munati munthuyu asagwire nati chifukwa sadziwa ntchito. Lero mukuti wanena zoona, komabe asagwire. Ngati matenda anawadziwa, mankhwala amulephera bwanji? Ndaiganizira nkhaniyi masiku awiri ndipo ndamvetsa.

Tsiku limene ndinkachoka pagalaja panali anthu ambiri. Ndinanena kuti sindikufuna kukalambira pansi pa magalimoto a eni. Inu munapukuta manja ndi nsanza n'kunena kuti, “Pita, koma udzabwera kuno mokokedwa ngati galimoto yakufa.” A Enerst analipo, angachitire umboni. Mawu amenewo ndayenda nawo zaka zonsezi. Ndawotcherera mageti m'chisanu cha ku Joni zala zitauma, m'maso ndikuona chinthu chimodzi chokha: galimoto ikulowa pa Biwi ine ndili pachiwongolero, inu mukutuluka kudzaiona. Tsopano mukufuna ndilowe nditanyamulidwa pa lole, amakaniko onse akuonerera, kuti mawu anu aja akwaniritsidwe.

Sinditero, Ababa. Ndamuuza makaniko kuti ayambe. Akungodikira gasiketi yomatira injini poimanganso, yochokera ku Beira, akuti ifika kumapeto kwa sabata ino. Ikatenga mwezi, ndikhala kuno mwezi. Ikakanika, ndiigulitsa pompano n'kubwerera ku Joni pa basi, tidzaonana chaka china.

Ndikanakonda ndikanalemba zabwino kuposa izi.
Yaseen

Biwi
23 Okutobala 2003

Achimwene,

Asalamu alaikum. Kalata iyi Ababa sakuidziwa. Ndikulembera kukhitchini, iwo apita kumzikiti atagwira phewa la a Enerst. Tsiku lililonse amapita choncho. Ndikuswa lonjezo polemba izi, Mulungu andikhululukire, koma kalata yanu yandiopsa.

Magalasi sanasweke. Ali m'kabati, athunthu. Maso ndiwo akutha. Zinayamba Amayi atangomwalira: ankagunda zitseko, ankapereka moni kumene kulibe munthu. Adokotala akuti mtsempha wa m'maso ukuuma ndipo opaleshoni singathandize. Diso lakumanzere linazima kale. Lakumanja likuona ngati munthu wosuzumira pabowo la kiyi, ndipo bowolo likucheperachepera. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Akuti sakufuna mubwere chifukwa chowamvera chisoni.

Chithunzi cha Fatu anachigwira chozondoka. Ndinawatembenuzira. Anachiyendetsa pafupi ndi diso pang'onopang'ono, kenako anati, “Ndaona khutu. Zinazo undiuze ndiwe.”

Tsopano za kaseti. Itangoyamba kulira Ababa anaseka, kuseka kumene sindinakumve chimwalirireni Amayi. Anati, “Nozo imeneyo! Dizilo wa m'zigubu wapha nozo imodzi. Ntchito ya ola limodzi iyi.” Anandifotokozera kuti ndi kachitsulo kopopera mafuta mu injini, kakang'ono ngati chala, ndipo kakawonongeka kamagogoda mpaka kunamiza amakaniko. Ndinali nditatenga kale pepala kuti ndilembe. Ndiye anati ndiwawerengerenso kalata yanu yoyamba. Nditafika pamene munati mukhala masiku atatu okha, anakweza dzanja. Kenako anati, “Lemba kuti yanoka.”

Ndinati, “Ababa, inu simunanamizepo munthu pa nkhani ya injini.”

Anati, “Lemba. Injini yonoka imakhala mwezi.”

Mawa lake anatuma a Enerst kukafunafuna nozo m'mashopu a pa Biwi pano. Ili m'thumba la mkanjo wawo, amangoipapasa tsiku lonse. Kaseti amaimvera m'mawa uliwonse, koma injini ikangoyamba kulira amabweza. Chimene amamvera ndi koyambirira kuja, pamene mukuthamangitsa nkhuku n'kunena kuti, “Ababa, mvetserani tsopano.”

Kalata yanu yomaliza ndinawawerengera yonse, sindinalumphe liwu. Nditafika pa mawu aja ananena tsiku lochoka inu, anangoti, “Ndinkayesa ndine ndekha ndikuwakumbuka.” Tsiku limenelo sanadye. Za kuseka kwa anthu sanaziganize n'komwe, achimwene. Iwo ankangowerenga masiku.

M'kansalu kali mu envelopumu muli nozo ina. Ndawapempha a Enerst mwamseri. Mupatseni makaniko wanuyo aiike, mulowe pa Biwi muli pachiwongolero monga munkafunira. Munavutikira zimenezo, palibe angakulandeni. Ine ndikupempha ziwiri zokha. Musachedwe, chifukwa bowo lija silikudikira gasiketi ya ku Beira. Ndipo mukafika musakhale masiku atatu.

Mchemwali wanu,
Zulaikha

Biwi, Lilongwe
2 Novembala 2003

Wokondedwa Vera, amake Fatu,

Moni inu ndi mwanayo. Ndikhulupirira muli bwino ndipo chifuwa chake chija chinatha. Ine ndinafika kwathu Lachiwiri. Mu envelopu momwemu ndaikamo kalata ya Zulaikha. Muyambe mwawerenga imeneyo, kuti zimene ndikulembazi muzimvetse.

Kalatayo inandipeza Loweruka m'mawa. Gasiketi inali itafika dzulo lake, makaniko atayala kale masipana pathumba. Ndinaiwerenga nditaima, kenako nditakhala pansi. Nditamaliza ndinamuonetsa kachitsulo kaja. Analiza injini n'kuyamba kumasula mapaipi a mafuta imodziimodzi. Atafika pa yachitatu, kugogoda kunasiya. Anavula chipewa n'kukanda m'mutu. “Khutu lija,” anatero. “Bweretsa ndiike, uzipita kwanu.”

Ndinati ayi, mangani paipiyo monga inalili.

Anakalipa, Vera! Masabata atatu ndikutseka malo mumpanda mwake, gasiketi wachita kuitanitsa ku Beira, lero ndikukana ntchito ya ola limodzi? Anati ngati sindikumukhulupirira ndinene poyera, ndipo Amalawi dzuwa la ku Tete limatizunguza mitu. Ndinamulola amalize, kenako ndinamuwerengera kalata ya Zulaikha. Anangochoka. Koma Lolemba a Goodwin atafika, ndi iye anakwera pa lole kukamanga matcheni, kuwakoka yekha mpaka kukhutira. Gasiketi anaiponya pampando. Anati, “Ukawapatse bambo ako. Ntchito ya mwezi imafuna gasiketi.”

Tinagona pachipata cha Dedza chifukwa cha mapepala, n'kulowa pa Biwi Lachiwiri masana. Chimene ndinkachiopa zaka zonsezi chinachitikadi. Amakaniko anatuluka pansi pa magalimoto, azimayi ogulitsa mandasi anaimirira. Wina anakuwa kuti, “Eee, wa ku Joni wabwera kumsana ngati khanda!” Anthu anaseka, ndipo kunena zoona zinandilasa. Ndiye ndinaona Ababa akudzuka pabenchi. Sanagwire munthu. Anayenda molunjika kumene kunkamveka injini ya lole, akalamba, Vera, mkanjo ukuwakulira. Atafika pakati pa anthu anati mokweza, “Mukuseka chiyani? Galimoto imene amainyamula ndi imene ili ndi kwawo. Yopanda kwawo amaisiya m'mbali mwa msewu.”

Nditatsika anandigwira nkhope ndi manja awiri. Anaiyendetsa kutsogolo kwa diso lawo lamanja, pang'onopang'ono, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano, ngati akuwerenga nyuzipepala. Ndinaima phee. Anapeza chipsera chija cha pansi pa diso n'kufunsa ngati ndi cha moto wowotcherera. Ndinati eya. Anati, “Uzivala magalasi pogwira ntchito. Maso sagulitsa.” Za maso awo sananene, inenso sindinafunse.

Lachitatu m'mawa anandidzutsa okha. Anati tisanatsitse injini tiyambe taiiza, mwina kaseti inawanamiza. Ndinailiza. Anaweramira mu boneti, dzanja limodzi pa chitsulo, mutu atapendeketsa. “Sipana ya 17. Paipi yoyamba. Ayi, manga. Yachiwiri. Manga.” Manja anali anga, khutu linali lawo. Ine amene ndinathawa sipana mpaka ku Joni, ndinali kuigwira ngati ndinabadwa nayo. Pa yachitatu anawomba m'manja. “Ohoo! Taonani ukalamba. Ndi nozo chabe!” Anapisa dzanja m'thumba n'kuitulutsa ngati yangopezekamo mwangozi. A Enerst anatembenuka n'kuyamba kuyang'ana mango mumtengo.

Powerama kuti ndiilandire, dzanja lawo linagunda thumba la shati yanga. Ya Zulaikha ija inali momwemo, ndinaiwala kuichotsa. Munthu amene wagwira zitsulo zaka makumi anayi sangalakwitse. Anaifinya pansalu pomwepo.

“Zulaikha?” anafunsa chapansipansi.

“Eya, Ababa.”

“Wakhala nayo kuyambira liti?”

“Loweruka.”

“Nanga lole unakwereranji?”

Ndinati, “Munati ikufuna mwezi, Ababa.”

Anatenga nsanza ya oyilo n'kupukuta m'maso, nkhope yonse kuda ndi girizi. Atatha anakhosomola n'kunena mokalipa, kuti a Enerst amve, “Inde, ikufuna mwezi! Mabuleki sindinawamve. Giya sindinaimve. Galimoto yochokera kutali simungaikhulupirire.”

Tinaika yawoyo. Yanga anati ndisunge. Injini inalira bwino kwambiri moti anandiuza ndiizimitse msanga anthu asanamve. Lachisanu titachoka kumzikiti tinapita nayo kumanda kwa Amayi, iwo ali kutsogolo, windo lotsegula, akunditchulira njira pomvera mabampu. Zulaikha sanamukalipire. Angomuuza kuti amugulira kaseti ina.

Choncho sindibwera msanga. Tikusala kudya limodzi, poti uno ndi mwezi wathu wosala, ndipo m'mawa uliwonse tikumasula chinthu chimodzi chosawonongeka n'kuchimanganso. Muwauze eni mageti aja kuti ndapepesa, wofuna kupereka ntchito kwa wina apereke.

Inuyo musadikire Disembala. Kwerani basi ya sabata ino, ikakanika ya sabata yamawa. Musavutike ndi katundu wambiri. Ndidzakuchingamirani ku depoti pa pikapu, ndipo Ababa anena kale kuti mpando wakutsogolo ndi wawo. Fatu mumuveke diresi yofiira ija, mitundu yowala ndi imene akuionabe. Pachithunzi anangoonapo khutu. Akufuna aone zinazo.

Ndine wanu,
Yaseen